N'chifukwa Chiyani Dothi la ku Area 10 Ndi Lodula Chonchi?

Anzanga a Fomu 2, nkhani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo m'mizinda ikhoza kutigwera pa JCE, ndiye tiyeni tiione bwinobwino ndi chitsanzo cha Lilongwe.

Tengani poloti ya ku Area 10 ndi ina yofanana kukula ya ku Mtandire. Dothi ndi lomwelo, chimanga chikhoza kumera konsekonse. Koma mitengo yake ndi yosiyana kutalitali. Kusiyanako kumayambira pa mapu.

Likulu lisanasamuke ku Zomba mu 1975, boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968 kuti limange mzinda watsopano. Akatswiri a mapulani anaugawa m'zigawo zokhala ndi manambala, chilichonse ndi ntchito yake. Maofesi a boma ku Capital Hill, mafakitale ndi okushoni ya fodya ku Kanengo, nyumba zokhalamo kwina. Kugawa kotereku pa Chingerezi amati zoning. Ndiye kuti ngakhale poloti ili yanuyanu, simungangodzuka n'kuikapo chigayo pakati pa nyumba za anthu popanda chilolezo cha khonsolo ya mzinda.

Mfundo yaikulu ndi iyi: wogula malo m'tauni amalipira zomwe aloledwa kuchitapo komanso zomwe boma labweretsa pafupi. Ku Area 10 ndi Area 43, kumene timati kumayadi, pulani inalamula mapoloti akuluakulu, nyumba imodzi pakati pa bwalo lalikulu. Mapoloti akakhala aakulu ndiye kuti alipo ochepa, pomwe owafuna ndi ambiri, mtengo n'kukwera. Onjezanipo tala, mipopi ndi magetsi. Pulani yomweyo imatsimikizira wogula kuti mawa pakhomo pake sipadzatsegulidwa bala kapena galaja yokhomakhoma usiku wonse. Bata limenelo nalonso amaligula ndi ndalama.

Malo ololedwa mashopu ndi maofesi amadula kuposa apa, chifukwa mwini wake akhoza kumangapo nyumba yosanjikizana n'kumatolera lendi kwa anthu ambiri pa poloti imodzi. Khonsolo ikangovomera kuti poloti ya nyumba isinthe n'kukhala ya bizinesi, mtengo umadumpha ngakhale pasanaikidwe njerwa imodzi.

Chinanso ndi mapepala. Poloti yokhala ndi lizi, yomwe m'tauni kawirikawiri imakhala ya zaka 99, munthu akhoza kuipereka chikole ku banki n'kutenga ngongole. Malo ogula pakamwa, mboni ili mfumu yokha, banki siiwalabadira. N'chifukwa chake amatchipa.

Koma mapulaniwa ali ndi mbali yowawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, ndipo ambiri mwa iwo poloti ya kumayadi sangaikwanitse ngakhale m'maloto. Alonda, antchito a m'nyumba ndi a kabaza amafuna kukhala pafupi ndi ntchito, ndiye amakathithikana ku Mtandire, Kauma kapena Mgona, kumene nyumba zinamangidwa popanda pulani. Mtandire ili moyandikana ndi Area 47, koma misewu, ngalande ndi mipopi si zofanana ayi. Ena amafika pomanga m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi chifukwa ndi potchipa, madzi akasefukira ndi iwo oyamba kulira. Kwa ine, pulani yopatsa banja limodzi bwalo lokwana kumenyerapo mpira, pomwe mabanja khumi akugawana chimbudzi chimodzi kuseri kwa mpanda, ndi pulani yoiwala anthu.

Mwina mukuti, “Ife a kumudzi zitikhudza pati?” Mzinda umayenda, anzanga. Onani kumsewu wa ku Mchinji, cha ku Njewa ndi Chitipi, momwe minda ikusandukira mapoloti. Madobadoba amamva msanga kumene kudzadutse msewu kapena magetsi. Amagula munda pamtengo wa munda, amaudula tizidutswa, n'kugulitsa kachidutswa kalikonse pamtengo wa tauni. Wogulitsa uja ndalama zake zimathera feteleza ndi malata, polima n'kusowa.

Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa munda wake n'kukhala ndi chikalata. Mukafika kunyumba madzulo ano, kafunseni makolo ngati munda wanu unalembetsedwa, ndipo m'dzina la ndani.