Bwanji foni zathu siziyendera kapasita m'malo mwa batire?

Kapasita imadzaza m'masekondi ochepa, pomwe batire ya foni imadya ola lathunthu kapena kuposa. Ndiye opanga mafoni akudikira chiyani? Yankho lili m'kasamu kamodzi kamene ndikufuna tikagwire bwinobwino lero.

Tikumbutsane kaye. Kapasita ndi timapepala tiwiri tachitsulo toyang'anizana, pakati pake pali chinthu chosadutsa magetsi monga mpweya, pepala kapena pulasitiki. Mukailumikiza ku batire, mbali imodzi imasonkhanitsa chaji ya positive, inayo ya negative. Mphamvu yomwe yasungidwa timaipeza motere:

E = ½CV²

C ndi kuchuluka kwa chaji yomwe kapasitayo imalandira pa volt iliyonse, ndipo timayeza m'ma farad. V ndi voltage.

Ambiri amangoloweza ½ uja osadziwa komwe wachokera. Taganizani mukusanja matumba a chimanga mulu umodzi. Thumba loyamba mumangoligoneka pansi, palibe thukuta. Lomaliza muyenera kulinyamula mpaka pamwamba penipeni. Mukawerengera onse pamodzi, zili ngati thumba lililonse mwalikweza theka la msinkhu wa muluwo. Chaji nayo ndi chimodzimodzi. Yoyamba imalowa mosavuta chifukwa kapasita ilibe kanthu, koma yobwera pambuyo imakankhana ndi inzake yomwe yakhalamo kale. Voltage imayambira pa 0 kukathera pa V, ndiye pakati pake ndi theka la V.

Tiyeni tiyese ndi manambala. Tengani kapasita ya 1,000 µF, yonga zomwe mumaziona m'kati mwa wailesi, muidzaze pa 12 V. Musaiwale kusintha µF kukhala F, apa ndi pomwe mamalikisi amathawira pa mayeso: ½ × 0.001 × 144 = 0.072 J. Mukakweza kufika 24 V mupeza 0.288 J. Voltage yawirikiza kawiri, mphamvu yawirikiza kanayi.

Nanga batire ya foni ya 4,000 mAh pa 3.7 V? Imasunga ma joule pafupifupi 53,000. Kuti mufanane nayo mufunika makapasita athu aja 740,000. Thumba la malaya silingakwane, ngakhale ngolo ikhoza kudandaula.

Apa ndi pomwe pabwera nkhani ya energy density, kutanthauza mphamvu yomwe ingalowe m'kamalo kakuti kapena pa kilogalamu imodzi. Mwina mukuti, bwanji osangokweza voltage? Vuto ndi chinthu chapakati chija, chili ndi malire. Mpweya umagonja pa ma volt pafupifupi 3 miliyoni pa mita, kenako moto umalumpha ngati kamphezi. Pamalire amenewa, kapasita ya mpweya yaikulu ngati bokosi la mita imodzi mbali zonse imasunga ma joule 40 okha basi. Lita imodzi ya petulo ili ndi oposa 30 miliyoni.

Akatswiri sanagonje ayi. Anapanga supercapacitor, yomwe m'kati mwake muli makala apadera okhala ndi timabowo tosawerengeka, moti galamu imodzi ikanati iyalidwe ikanakuta malo oposa masikweya mita 1,000. Komabe zambiri zimasunga pafupifupi 5 Wh pa kilogalamu, pomwe batire ya lithium imafika 150 mpaka 250 Wh.

Ine ndimaona kuti kuyerekeza ziwirizi pa kusunga kokha n'kuipondereza kapasita. Batire ili ngati mgolo waukulu wokhala ndi kampopi kakang'ono, kapasita ndi ndowa yomwe mumakhuthula kamodzin'kamodzi. Makina a kuchipatala otchedwa defibrillator, obwezeretsa mtima pa kagundidwe kake, amafuna ndowayo. Batire imadzaza kapasita pang'onopang'ono, kenako ma joule 200 amatuluka m'nthawi yonga 0.01 ya sekondi. Gawani muone: ma watt 20,000. Batire yaing'ono payokha siingathe zimenezo.

Liwiro lomweli ndi lomwe limavulaza. Magetsi a 230 V a m'nyumba amatha kudzaza kapasita ya m'kati mwa TV kapena kompyuta mpaka 325 V. Ikakhala ya 470 µF, amenewo ndi ma joule pafupifupi 25, ndipo akhoza kukhalamobe ngakhale mutazula pulagi. Zoyeserera zanu chitirani pa timakapasita ta mabatire a tochi, za m'kati mwa TV asiyireni amakaniko.