Dzina la Bwalo la Ndege Litasamuka ku Itawa: Mafunso ndi Mayankho pa Zizindikiro za Mapu

Kodi metadata ya mapu n'chiyani?

Mapu a pa kompyuta sayenda okha. Amatsagana ndi chikalata chonena amene anawajambula, chaka chake, dera limene akuonetsa, njira yoyezera imene inatsatidwa, ndi ofesi yoti mukafunseko mukapeza cholakwika. Chikalata chimenechi ndicho metadata. Bungwe la ISO linakhazikitsa kalembedwe kake mu 2003, pa nambala ISO 19115.

Nanga kulemba dzina la malo sikukwanira?

Afunseni a ku Itawa, dera la mumzinda wa Ndola ku Zambia. Bwalo la ndege la m'dera lawo poyamba linkatchedwa Ndola Airport, ndipo ndege ya mlembi wamkulu wa United Nations Dag Hammarskjöld inkadzatera pomwepo pamene inagwa kunja kwa mzinda mu Seputembala 1961. Mu 2011 Pulezidenti Michael Sata analipatsa dzina la Simon Mwansa Kapwepwe. Mu 2021 bwalo latsopano linatsegulidwa kumadzulo kwa Ndola, kufupi ndi malo okumbukirapo Hammarskjöld, ndipo dzina la Kapwepwe linanyamuka n'kupita kumeneko. La ku Itawa linasiyidwira asilikali a ndege, n'kukhala Peter Zuze Air Force Base.

Tsono taganizirani chikalata cholembedwa mu 2015, chonena kuti mapu ake akuonetsa mapuloti oyandikana ndi bwalo la Kapwepwe. Wochiwerenga lero akasakasaka kumadzulo kwa mzinda, chonsecho wolemba ankanena za Itawa. Palibe ananama. Nthaka ili pomwe inali, chasuntha ndi dzina.

Koma zilembo za NLA za pa tikiti ya ndege, si chizindikiro chokhazikika?

Nazonso zinasamuka pamodzi ndi apaulendo. NLA imatanthauza kumene ndege za ku Ndola zikutera panopa, ndipo kwa wonyamula chikwama n'zokwanira. Kwa woyeza malo ndi msampha. Iye amafuna chizindikiro chomamatira pa chinthu chimodzi, chosabwerekedwa kwina. N'chifukwa chake olemba metadata amakonda UUID, mndandanda wa manambala ndi zilembo 32 zogawidwa m'magulu asanu. N'chonyansa m'maso, sungachiloweze pamtima, ndipo sichitanthauza kanthu. Ine ndimati ubwino wake ndi womwewo: palibe boma lidzafune kuchisintha kuti lilemekeze ngwazi.

Kulumikiza m'malo mokopera kumayenda bwanji?

Tiyerekeze ofesi ina ku Ndola ili ndi mapu ambirimbiri: a misewu, a mapaipi a madzi, a akasupe a Itawa amene amathira mu mtsinje wa Kafubu. Chikalata cha mapu alionse chili ndi dzina la ofesiyo, adiresi ndi nambala ya foni. Ngati kalaliki anakopera zimenezi m'chikalata chilichonse, tsiku limene foni yasintha ayenera kutsegula zonse chimodzichimodzi, ndipo zina adzaziiwala ndithu.

Njira ina ndi kulemba adiresiyo kamodzi, kuipatsa UUID yake, kenako zikalata zonse n'kumangoloza komweko. M'kalembedwe ka XML ka ISO 19139, kuloza kumeneku kumachitika ndi uuidref kapena xlink:href. Mwakonza pamodzi, mwakonza ponse. Chikalata cha mapu a mapaipi chingathenso kuloza chikalata cha mapu a misewu amene anajambulirapo, kotero wofufuza amadziwa kuti awa anachokera kwa awa.

Pali zizindikiro zopangidwa kale zoti munthu angotenga?

Zilipo, ndipo si nzeru kupeka zako pamene zilipo. Chigawo cha Copperbelt chili ndi ZM-08 pa mndandanda wa ISO 3166-2. Zofunika kwambiri ndi manambala a EPSG, amene amanena njira yoyezera. Mapu akale a boma la Zambia anayezedwa pa Arc 1950, pomwe GPS ya m'foni imayendera WGS 84. Ndola ili m'chigawo 35 cha kum'mwera pa UTM, choncho mapu a Arc 1950 amalembedwa EPSG:20935, a WGS 84 amalembedwa EPSG:32735. Munthu akangolemba kuti "UTM 35" osatchula nambalayo, wina angasanjikize mapu awiriwo n'kupeza malire asemphana ndi mamita oposa 100. Ku Itawa, kumeneko ndi kuika mpanda wanu mapuloti angapo kuchoka pamene uli, ndipo mlandu wa malire umayambira pomwepo.

Kodi kulumikizaku kulibe vuto?

Kuli nalo. Kompyuta imene ikusunga chinthu cholozedwacho ikazimitsidwa, kapena adiresi yake ya pa intaneti ikasintha, zikalata zonse zimaloza mumphepo. Vuto lachiwiri ndi lobisika. Unduna ukasintha dzina, chikalata cha mapu a 1975 chimayamba kutchula dzina latsopano ngati kuti ndiwo unawajambula, chifukwa chimangotsatira kumene chikuloza. Choncho zinthu zoyenera kusintha, monga foni ndi adiresi, zilozedwe basi. Za mbiri, monga dzina la ofesi pa chaka chimene inayeza malo, zilembedwe m'chikalata momwemo, UUID ili pambali pake.