Mmene Bakiteriya Amakonzera DNA Yake: Mafunso ndi Mayankho

Kodi DNA imalakwika pati?

DNA ili ngati chingwe cha nkhosi ziwiri zopotana. Pankhosi iliyonse pandandalikidwa zilembo za mitundu inayi, ndipo A amagwirana ndi T, G amagwirana ndi C, basi. Bakiteriya wa E. coli, amene amakhala m'matumbo mwathu, ali ndi zilembo zogwirana chotere pafupifupi 4.6 miliyoni, ndipo asanagawikane amayenera kuzikopera zonse. Pokoperapo, mwa apo ndi apo G amapezeka atayang'anizana ndi T. Nthawi zinanso C amasanduka yekha n'kukhala U, chilembo chosayenera kupezeka mu DNA.

Nanga U ameneyu amachotsedwa bwanji?

Mu 1974 Tomas Lindahl anapeza enzayimu ya E. coli imene imazula U. Maenzayimu ena amadula pamene patsala gwerupo, kuikapo C, n'kumata.

Koma G akakumana ndi T, onse ndi zilembo zenizeni. Wolakwa amadziwika bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani. Kuchotsa molota kukhoza kufufuta chilembo cholondola n'kusiya cholakwikacho. Bakiteriya amachita zimene amachita mwini mbuzi podula khutu la chiweto chake: enzayimu yotchedwa Dam imaika chizindikiro cha methyl paliponse pamene pali zilembo GATC. Nkhosi yakale imakhala nacho kale chizindikirochi, pomwe yatsopano, imene yangokopedwa kumene ndipo ndi momwe muli cholakwikacho, imatha kanthawi isanachilandire. M'kanthawi kameneka maenzayimu atatu amagwira ntchito: MutS amayenda pachingwe mpaka kupeza potupa pamene G wayang'anizana ndi T, MutL amadzutsa MutH, ndipo MutH amadula nkhosi yopanda chizindikiro. Chigawo chonse chokhala ndi cholakwikacho chimachotsedwa n'kulembedwanso motsatira nkhosi yakale. Kunena zoona, palibe nzeru imene bakiteriya amagwiritsa ntchito apa. Amangodalira kuchedwa kwa chizindikiro. Paul Modrich anaonetsa ntchito yonseyi m'labotale mu 1989, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Lindahl ndi Aziz Sancar.

Ife zikutikhudza bwanji?

Bakiteriya amene MutS wake wafa amasintha chibadwa pafupipafupi, motero savuta kuyamba kupirira mankhwala. Anthufe tilinso ndi maenzayimu achibale a MutS ndi MutL. Wobadwa nawo olumala amakhala ndi vuto lotchedwa Lynch syndrome, ndipo khansa ya m'matumbo imatha kumugwira asanakalambe.