KUYENDETSA BWINO GALIMOTO YONYAMULA KATUNDU

Mseu wochokera ku Mchinji umaloŵa mumzinda wa Lilongwe podzera m'mbali mwa Area 9. Tsiku lililonse pamseu umenewu pamadutsa mapikiapu ndi malole onyamula chimanga, mtedza, makala ndi mabelo a fodya opita ku okushoni ya ku Kanengo. Kaŵirikaŵiri pamwamba pa katunduyo pamakhalanso anthu, ena mwa iwo odwala opita ku chipatala cha Bwaila kapena cha Kamuzu Central. Popeza matola ndiwo amathandiza anthu ambiri a kumudzi, nkofunika kuti oyendetsa ndi okwera omwe adziŵe mmene katundu amasinthira mayendedwe a galimoto.

Ngozi za pamseu ndi nkhani ya zaumoyo monga momwe alili malungo. Bungwe la World Health Organization lidalengeza m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa pamseu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo kuti ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29.

Kulemera kwa katundu

Mapikiapu ambiri adapangidwa kuti azinyamula makilogalamu pafupifupi 1,000. Uku nkulemera kwa matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Koma anthu nawo ndi katundu. Anthu 10 olemera makilogalamu 60 aliyense akakwera, malo otsala ndi a matumba 8 okha. Kupitirira pamenepo matayala amatentha ndipo angathe kuphulika, masipuling'i amathyoka, mabuleki nawo amalephera kugwira.

Kapakiridwe

Katundu wolemera aziikidwa pansi ndiponso kutsogolo, pafupi ndi kumene kumakhala dalaivala, ndipo wopepuka azikhala pamwamba. Katundu akaunjikidwa kumbuyo kwenikweni, mutu wa galimoto umadzuka, matayala akutsogolo sagwira bwino pansi, ndipo chiwongolero chimaleka kumvera. Usiku nyali zimaloza m'mwamba nkumathobwa m'maso oyendetsa ena. Katundu wosanjikizidwa kutalika amagubuduza galimoto pokhota, monga momwe dengu lalitali limapendamira pamutu munthu akatembenuka mofulumira. Zonse zimangidwe ndi zingwe zolimba, ndipo atayenda pang'ono dalaivala aime nkuonanso ngati zingwezo sizinakhwefuke.

Makhalidwe a dalaivala wabwino

1. Asananyamuke amayesa mabuleki ndi nyali, ndipo amaona mpweya wa m'matayala asanatenthe.
2. Amachepetsa liŵiro. Liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda umene galimoto imayenda munthu ataponda buleki umaŵirikiza kanayi. Ngati pa makilomita 40 pa ola imaima itayenda mamita 10, pa makilomita 80 idzaima itayenda mamita 40. M'tauni lamulo sililola kupitirira makilomita 50 pa ola, koma yolemedwa iziyenda mochepera apo.
3. Amasiya mpata waukulu pakati pa galimoto yake ndi ya patsogolo. Pa makilomita 60 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndiye kuti kucheuka kamodzi kokha nkokwanira kugunda wanjinga. M'nyengo ya mvula mpatawo uchuluke.
4. Amachepetsa liŵiro asanafike pokhota, osati ali kale pakati pake.
5. Pamtsetse, monga ya kumapiri a ku Dedza, amaika giya yaing'ono. Kuponda buleki kosalekeza kumaitenthetsa mpaka kuleka kugwira. Kuzimitsa injini pofuna kupulumutsa mafuta kwaphetsa anthu.
6. Sapitirira galimoto ina pachitunda kapena pokhota, chifukwa yolemedwa imachedwa kutenga liŵiro.
7. Samwa moŵa, sagwira foni akuyendetsa, ndipo tulo tikamgwira amaima nkupumula.

Udindo wa okwera

Munthu asakhale pamwamba pa matumba kapena m'mphepete miyendo ili lende, pakuti galimoto ikangodumpha pa dzenje amagwa chamutu. Ana akhale pansi pakati pa akuluakulu. Mayi woyembekezera ndi wodwala apatsidwe malo akutsogolo ndipo amange lamba. Dalaivala akamathamanga kapena akamanunkha moŵa, okwera amuuze mwaulemu kuti aime. Kutsika nkudikira ina kumangochedwetsa ulendo. Fupa la ntchafu likathyoka munthu amakhala miyezi osagwira khasu.

Ngozi ikachitika

Pamene pakutuluka magazi patsindikidwe ndi nsalu yoyera. Wovulala asapatsidwe madzi kapena chakudya, chifukwa angafunike opaleshoni. Amene akudandaula khosi kapena msana anyamulidwe ndi anthu angapo pa thabwa kapena chitseko, mutu ndi thupi zili mowongoka. Aliyense amene wagunda mutu apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akuoneka bwino, popeza magazi angathe kukhala akutayikira m'kati.

Akuluakulu adati pepani sapoletsa chilonda. Mlimi amene wabwereka galimoto kuti akagulitse mbewu zake ayenera kuŵerenga matumba ndi anthu asananyamuke, ndipo akachuluka alole kuyenda maulendo aŵiri.