Mafunso ndi Mayankho: Chiyambi cha Tsiku la Apantchito

Womvera wina wa ku Kasungu wafunsa ngati tsiku la 1 Meyi linayambitsidwa ndi boma la Malawi. Yankho ndi lakuti ayi, pakuti tsikuli linasankhidwa pa msonkhano wa zipani ndi mabungwe a apantchito womwe unachitikira ku Paris mu 1889, ndipo linayamba kukumbukiridwa m'mayiko osiyanasiyana mu 1890. Mayi wina wa ku Chipata akudabwa kuti dziko la America silichita nawo mwambowu. Kumeneko tchuthi chotere chimakhala Lolemba loyamba la mwezi wa Seputembala, potsatira lamulo la mu 1894.

Kalata yofunika kuifatsira yachokera kwa bambo wina wogwira ntchito ya ulonda ku Limbe, omwe amalowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, ndipo akufunsa ngati tsikuli likuwakhudza. Bambowa adziwe kuti vuto lawo lomwelo ndilo gwero la tsikuli. Pa 1 Meyi 1886, apantchito a ku America, omwe ambiri ankagwira maola 10 kapena kuposerapo, anachita sitalaka, ndiko kunyanyala ntchito mogwirizana, pofuna kuti ntchito izikhala ya maola 8 patsiku. Pa 3 Meyi apolisi anawombera onyanyala pa fakitale ya McCormick mumzinda wa Chicago, ndipo mawa lake, anthu atasonkhana pa bwalo la Haymarket kudandaula za zimenezi, munthu wina yemwe sanadziwike anaponya bomba, moti apolisi ndi anthu wamba anafa pa chipwirikiticho. Anthu 8 anazengedwa mlandu popanda umboni wakuti ndiwo anaponya bombalo, ndipo 4 mwa iwo, kuphatikizapo August Spies ndi Albert Parsons, ananyongedwa pa 11 Novembala 1887. Bwanamkubwa John Peter Altgeld anamasula atatu mu 1893, atapeza kuti mlanduwo sunayende mwachilungamo.

N'zomvetsa chisoni kuti chenjezo lokhudza maola a ntchito lomwe pulogalamu ino imapereka sabata ndi sabata likulowabe khutu ili n'kutulukira linalo. Lamulo la ntchito la Malawi la mu 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata, ndipo maola owonjezera, amene ambiri amawatcha ovataimu, amayenera kulipiridwa mwapadera. Komabe alonda ndi antchito a m'nyumba ambiri amayamba ntchito pongogwirizana pakamwa, amachita manyazi kufunsa za maola poopa kuti abwana awaona ngati ovuta, kenako amakafika ku ofesi ya zantchito atachotsedwa kale, alibe ngakhale kapepala kamodzi. Nawonso olemba ntchito, omwe ena mwa iwo amavala malaya a bungwe lawo n'kukaguba pa 1 Meyi, asaiwale mtsikana amene amusiya kunyumba akuchapa kuyambira m'bandakucha. Bambo a ku Limbe apemphe mgwirizano wolembedwa, ndipo agule kope loti azilembamo nthawi yolowera ndi yowerukira tsiku lililonse, popeza kopelo ndilo lidzawathandize pamaso pa mkulu woona zantchito.