Chiphaso cha unzika si chikole

Boma likamalengeza kuchuluka kwa mabanja opindula ndi zipangizo zaulimi zotsika mtengo, limawerenga mayina a m'kaundula. Koma wothira fetelezayo m'munda kawirikawiri sakhala mwini dzina. Cholakwika chake n'chomwechomwecho chaka ndi chaka: nkhokwe zikayamba kupepuka cha mu Okutobala, venda amatulukira pa njinga yamoto, n'kutolera ziphaso za unzika khomo ndi khomo, kuzimanga ndi labala, kusiya kandalama ka m'manja. Tsiku loombola, mwini chiphaso amangopita kudepoti kukaonetsa nkhope, matumba onse awiri, wokulitsa ndi wobereketsa, n'kukwera galimoto ya wina. Khalidweli si lachilendo. Pa nthawi ya ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya FISP, imene inayamba mu 2005 mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, anthu ankagulitsa makuponi. Ndondomeko ya AIP itabwera m'malo mwake mu 2020, makuponi anachotsedwa kuti aliyense aziombola ndi chiphaso chake, thumba pa K4,495. Khomo limene boma linkafuna kutsekera mavenda, eni ake a mayina akulitsegula okha.

Tiyeni tiwerengere bwino. Thandizo la boma ndi kusiyana kwa mtengo umene inu mumalipira ndi mtengo wa m'sitolo. Mu 2022 mlimi wa m'kaundula ankalipira K15,000 pa thumba limene m'sitolo linkaposa K50,000. Ndalama yapakatiyo ndiyo gawo lanu, ndipo venda sangakupatseni yonse, apo ayi adyapo chiyani? Amakubenthulirani pang'ono, yotsalayo n'kulowa m'thumba mwake, kenako fetelezayo amam'gulitsa pamsika m'timapepala, mwinanso kwa inu nomwe mu Januwale chimanga chitachita chikasu. Apo n'kuti mukuthamangira ganyu m'munda mwa amene anagula thumba lanu, m'munda mwanu udzu ukukula.

Ena amati, "Alangizi, njala simukuidziwa, feteleza sadyedwa." Zoona, ndipo palibe akukana kuti ndalama yoombolera imavuta kupeza mwezi umene ana akufunanso zakusukulu. Koma njala imene mwaithawa mu Novembala mwaiitanira chaka chamawa, chifukwa nthaka yathu yambiri inaguga, chimanga chopanda chakudya chimangobereka tizitsononkho. Ngati ndalama ya matumba awiri siikukwana, gwirizanani ndi m'bale amene dzina lake silinatuluke, asonkhe nanu, muombole pamodzi n'kugawana. Kapena konzekerani kubanki mkhonde kuyambira nthawi yokolola, osadikira wailesi ilengeze. Enanso amati fetelezayo amafika mochedwa, mvula itagwa kale. Izi zimachitikadi, koma wobereketsa amathiridwa patatha pafupifupi masabata atatu chimanga chitamera, ndipo thumba losatsegula, losanjikidwa pamitengo m'nyumba mouma, limadikira dimba kapena dzinja lotsatira. Kuchedwa kwa galimoto ya boma sikusandutsa venda kukhala mpulumutsi.

Za kulembetsa ndi kufola pamzere mukuzidziwa kale. Ingokumbukirani kuti mayina akhala akuchepa: chaka choyamba cha AIP anaposa 3 miliyoni, zaka zotsatira anadulidwa kwambiri, choncho musalime modalira kuti chaka chino mulimo. Mukamva kuti mayina atuluka, kafunseni nokha kwa alangizi a m'dera lanu, ndipo chiphaso chotayika kapena chothyoka mukachikonzetse ku ofesi ya ziphaso ya NRB nthawi ikadalipo. Wina aliyense akakuuzani kuti mumusungitse chiphaso kuti akakuombolereni, kaya ndi wa m'komiti, kaya ndi wachibale wa amfumu, kanani.

Mukaombola, musamwaze matumba awiriwo m'munda wonse kuti paliponse palaweko. Sankhani ekala imodzi, mizere yotalikirana masentimita 75, mbewu imodzi paphando, ndipo feteleza muzipima ndi kachitsekero ka botolo, kubowola pambali pa phando n'kukwirira. Kumunda kotsalako pangirani manyowa a Mbeya: feteleza pang'ono, madeya, phulusa ndi ndowe, kuwaza madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21 musanathire.