Laputopu ikafa pa Zalewa: kukonzetsa kapena kugula ina?

Kwa mnyamata wobena nyimbo ndi mafilimu pa Zalewa, kapena mayi wotayipira anthu makalata, laputopu ndiyo khasu. Ikazima, ya ndiwo tsiku limenelo palibe.

Asanathamangire kugula ina, mwini wake ayambe wadziwa chimene chafa. Chaja, batire, kiyibodi ndi sikilini zimasinthidwa, makina nkubwerera pantchito. Ina imangozima yokha ikagwira ntchito kwa kanthawi. Kawirikawiri vuto limakhala fumbi: kutentha kwa m'mbali mwa Shire kukaphatikizana ndi fumbi la pamsewu wa M1, fani imatsekeka ndipo makina amadzizimitsa kuti asapse. Apa wokonza amangotsegula nkupukuta. Kutaya laputopu chifukwa cha zimenezi nkutaya mpamba.

Nkhani imavuta ikafika pa motherboard, makamaka ngati munalowa madzi kapena magetsi anabwera mwamphamvu atazima. Ikhoza kudzuka lero nkufanso mwezi wamawa, ndalama zitapita kale.

Muyeso wosavuta ndi uwu: mtengo wokonzetsera ukaposa theka la mtengo wa laputopu yofanana nayo yogwirapo kale ntchito, kuli bwino kugula ina. Koma powerengera asaiwale ya minibasi yopita ku Blantyre kapena ku Limbe ndi pobwerera, mwina maulendo awiri, ndiponso masiku amene benchi ikhale yopanda kasitomala. Ambiri amaiwala masikuwa, chonsecho ndi amene amadya kwambiri.

Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja anakwera, choncho laputopu yakale yolimba siyofunika kuitaya msanga. Wogula ina afunse ngati imalola Windows 11, poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Kwa wongobena nyimbo izi sizidetsa nkhawa kwenikweni, koma wolowa nayo ku akaunti ya kubanki asazinyozere.

Chuma chenicheni chili mu hard disk: nyimbo zosonkhanitsa zaka zambiri, makalata a makasitomala, mndandanda wa angongole. Ngakhale motherboard itapsa, hard disk nthawi zambiri imakhala ili bwino, ndipo ikaikidwa m'kabokosi ka USB imawerengeka pa kompyuta ina. Wogulitsa laputopu yakufa ngati sipeyala ayambe waichotsa, ndipo wosiya makina kwa okonza agwirizane mtengo asanatsegule, alembenso nambala ya makinawo yomwe imakhala kunsi kwake.